Pa Mjigo Timakhotera Kumanja

Ana anga, inu Tiyamike ndi Madalitso, ndi zidzukulu zanga zimene zidzawerenge kope ili ine nditapita, ndikudziwa zimene mumamva. Pamaliro, paukwati, ngakhale pa siteji ya minibasi pa Nsaru, alipo anthu amene amanenabe kuti a Mwale anawachotsa ntchito chifukwa anawononga makompyuta a pulojekiti. Mayi anu akamva zimenezi amangokhala chete, koma ine ayi. Theka la nkhaniyo ndi loona: ndinalakwitsa, ndipo ndinavomera ndi pakamwa panga pamaso pa anthu. Theka linalo ndi bodza lamkunkhuniza. Ndalemba izi kuti wina akadzakunyozani ndi dzina langa, mudzamuyankhe mutadzutsa mutu.

Namitete, ntchito yoyamba

Za ubwana ndi za sukulu ndizisiya, munazimva kokwanira kwa agogo anu. Ndiyambira pa Namitete, pamene ndinalowa ntchito mu ofesi ya bungwe lina la makalabu a alimi. Anandilemba ngati wokonza makina otayipira, koma chaka chisanathe anabweretsa makompyuta awiri akale, aja otupa kumbuyo, ndipo popeza ine ndiye ndinkayenda ndi sikuludiraiva m'thumba, onse anangoti ndi anga. Bwana wanga anali a Chikuse, mkulu wamfupi wosaseka wamba, amene anaphunzira mawaya pokonza mawailesi. Zipangizo kunalibe. Fyuzi ikapsa tinkalumikiza ndi kawaya ka nthambo yakale, fumbi la chilimwe tinkalipemerera ndi pampu ya njinga, mphemvu tinkazitulutsa m'makina ndi nthenga ya nkhuku. Tsiku lina mayi wotayipa anadandaula kuti kompyuta ikumudyera malembo. Ndinapita, ndinaima chakumbuyo kwake, ndinayang'anayang'ana, kenaka ndinakauza a Chikuse kuti makina ali bwinobwino, mayiyo ndiye sadziwa ntchito.

"Iwe Mwale," iwo anatero, "wakhalapo pampando wakewo?"

"Ayi bwana, ndinaimirira chapambali."

"Bwerera ukakhalepo. Ukagwire zimene iye amagwira, ukaone zimene iye amaona. Ukatero ndiye udzandiuze za kusadziwa ntchito."

Ndinabwerera. Batani limodzi linali kukakamira chifukwa cha phala limene wina anatayirapo, ndipo ndinapepesa kwa mayiyo ndi manyazi aakulu. Kuchoka apo ndinagwira ntchito pa Mpingu zaka zambirimbiri, kenaka pa Nambuma, kuyendera maofesi pa njinga yamoto yokalamba imene inkafuna kukankha m'mawa uliwonse. Mabwana ndinaona osiyanasiyana, ena abwino, ena ongokonda mpando. Konseko mawu a a Chikuse ndinkayenda nawo, ndipo ndinkawaphunzitsanso ena. Chomvetsa chisoni n'chakuti tsiku limene anafunika kwambiri, ine mwini ndinawaiwala.

Nsaru, chaka chimene kunabwera pulogalamu yophunzira

Nditatsala pang'ono kupuma, imvi zili mbuu, bungwe lina linanditenga kuti ndiziyang'anira makina a pulojekiti yawo pa Nsaru. Dzina la bungwelo sinditchula, muli anthu abwino ambiri amene sanalakwe kanthu. Ntchito yake inali yotere. Kandege kakang'ono kopanda woyendetsa, kaja amati dironi, kankauluka pamwamba pa minda n'kumajambula. Zithunzizo zinkasungidwa mu kompyuta yaikulu ku tawuni, imene tinkaitcha seva, ndipo mu sevamo munali pulogalamu yophunzira. Munthu ankatsegula chithunzi n'kuzunguliza mzere ndi mausi, kuti apa ndi chimanga, apa mtedza, apa fodya, apa mitengo. Pulogalamuyo inkaona zimene munthuyo walemba, n'kuyesa yokha kupaka mitundu pa minda yotsala. Munthu ankaikonza, iyo n'kuyesanso, mpaka izolowere. Cholinga chinali chakuti alangizi azidziwa zimene zadzalidwa dera lonse popanda kuyenda munda ndi munda. Malaputopu athu pa Nsaru anali ofooka, sakanatha kunyamula ntchito imeneyo. Iwo ankangokhala ngati zenera: zonse zinkachitika mu seva ku tawuni, ife n'kumasuzumira kudzera pa netiweki.

Olemba minda anali anayi, ndipo wamkulu wawo anali Mayi Nambewe a ku Kabudula, mayi wamasiye amene anatha zaka zambiri akusankha fodya pa esiteti. Diso limene limasiyanitsa tsamba ndi tsamba linzake m'shedi ndi lomwelo limene linkasiyanitsa soya ndi mtedza pa chithunzi cha m'mwamba. Kompyuta anaiphunzira atakula, ndipo mausi ankagwira mwamphamvu ngati mpini, koma sankaphonya. Bwana wa pulojekiti anali a Kachingwe, munthu wophunzira kwambiri, wa nsapato zowala, amene ankakhala ku tawuni n'kumatilamulira pa foni.

Tsiku loyamba titatsegula pulogalamu, mabatani onse anaoneka, mayina a mbewu anaoneka, koma pakati pamene panayenera kukhala chithunzi panali bii, mdima wokhawokha. Ku tawuni, pa sikirini yolumikizidwa ku seva yeniyeniyo, zithunzi zinkaoneka bwinobwino. A Kachingwe ankaimba katatu pa tsiku. "A Mwale, kuno zikugwira. Vuto lili kwanu kumudziko." Mawu akuti kumudziko ankawatchula ngati akulavula njere. Ndinalimbana nazo kupitirira sabata. Ndinasintha nthambo, ndinakweza kabokosi ka netiweki pamwamba pa nsungwi, ndinachepetsa mitundu, ndinayesa laputopu iliyonse payokha, koma mdima uli pomwepo. Magetsi akathima ndinkanyamula laputopu kupita ku sitolo ya Che Yusufu, amene anali ndi sola ndipo ankandipatsa mpando kuseri kwa matumba a mchere. Kumeneko ndi kumene ndinawerenga mzere ndi mzere zimene seva imalemba ikakumana ndi vuto, mpaka ndinagwira pamene panali nkhani. Mu seva munali khadi lapadera lojambulira zithunzi, ndipo khadilo linkatumikira sikirini ya pomwepo yokha. Munthu akalowera kutali, pulogalamu inkalifunafuna osalipeza, n'kungosiya malo akuda. Ndiye ndinasintha malamulo ake kuti kwa ife akutali izijambula chithunzi popanda khadilo, kenaka izititumizira.

Nditadina batani, minda ya ku Mpingu inatulukira yobiriwira, mizere yake ikuoneka umodziumodzi. Mayi Nambewe analuluta mu ofesi. A Kachingwe anandiyamikira pa foni, koyamba ndi komaliza. Ndinayenda pamsika tsiku limenelo chifuwa chili patsogolo, ndipo kunyada kumeneko ndi kumene kunadzanditseka maso.

Nsaru, miyezi itatu ya dzinja

Anthu aja anagwira ntchito, abale. Mvula ikugwa pa malata moti osamvana, iwo ali pa mausi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Koma pulogalamu sinkaphunzira. Ukaiuza kuti yesa, inkapaka chimanga pamsewu, fodya pa madenga, mitengo pakati pa dambo. Mayi Nambewe ankapukusa mutu. "A Mwale, mwana wanuyu ndi wouma mutu. Ndamuphunzitsa minda yonse ya ku Nambuma, koma onani zimene akuchita." Ine ndinkawayankha kuti pirirani, zinthu zophunzira zimafuna nthawi.

Ku tawuni a Kachingwe atatsegula ntchito ya pa Nsaru, anaona mizere ya anthu athu itagwera malo opanda nzeru. Pamene panalembedwa kuti mtedza panali bwalo la mpira, pamene panalembedwa kuti mitengo panali munda woyera. Anaimba akuphulika. Anati anthu a pa Nsaru amangodinadina kuti tsiku lithe, anati analakwa kulemba ntchito munthu wosankha fodya, anati kompyuta si shedi. Kenaka anandifunsa ngati makina ali bwino. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, ana anga, chifukwa sindidzibisa. Ndinayesa mausi, ndinayesa netiweki, ndinatsegula chithunzi n'kuona kuti mzere ukugwera pamene ndadina, ndipo ndinayankha kuti makina ali bwinobwino. Sindinakwere minibasi kukaona ndi maso anga zimene a Kachingwe ankaona pa sikirini yawo. Sindinawapemphe kuti anditumizire chithunzi chomwecho kuti ndiyerekeze ndi chathu. Ndinali nditakonza ndine, ndiye chikanalakwika n'chiyani? Mumtima ndinayamba kuganiza kuti mwina mayiwo maso atopa.

Kalata inabwera Lolemba. Mayi Nambewe asiye ntchito mwezi ukatha, chifukwa cha ulesi ndi kulephera kutsogolera anzawo. Anaiwerenga kawiri, anaipinda, anaiika m'chikwama. Sanalire. Anangoti, "Ulesi? Ine?" n'kukhalanso pampando wawo. Pa Nsaru nkhani sichedwa. Pofika Lachitatu amayi ogulitsa tomato ankadziwa kale kuti mayi wa ku Kabudula uja wamulephera makompyuta, ndipo ena ankaseka poyera kuti ankadziyesa ndani. Ntchito inali kuwapweteka, inde, poti ndi imene inkaphunzitsa ana awo awiri, koma chimene chinkawadya kwambiri ndi dzina la ulesi. Munthu amene anaimirira m'shedi zaka zonse zija msana ukuwawa, lero atchedwe waulesi ndi kalata ya sitampa.

Masiku otsalawo ankabwerabe m'mawa kuposa tonse. Lachinayi la sabata yachiwiri, seva inatipatsa zithunzi zatsopano, za ku Kabudula. Ndinali kumanga nthambo pakona pamene anandiitana ndi mawu achilendo.

"A Mwale, tabwerani. Kuno ndi kwathu."

"Eti? Ndiye lero ntchito iphweka."

"Ayi, taonani. Uwu ndi mjigo wathu. Iyi ndi njira ya kumanda. Awa ndi manda, mitengo yowirirayi. Koma manda athu sali uku."

Ndinaseka pang'ono. Ndinawauza kuti zithunzi za m'mwamba zimasokoneza, kandege kakhoza kujambula kakuchokera mbali ina iliyonse, mwina chithunzi changotembenuka. Anagwira laputopu n'kuizunguliza patebulo, kumwamba kukhala kumunsi, kenaka anaika chala pa mjigo n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono m'njira muja.

"Ndaitembenuza. Tsono yendani nane. Tachoka kumudzi, tafika pa mjigo. Takhotera kuti?"

"Kumanzere."

"Bambo, njira iyi ndaperekezamo bambo anga, ndaperekezamo amuna anga, ndaperekezamo mwana wanga woyamba. Ukafika pa mjigo umakhotera kumanja. Amayi timayenda kumbuyo kwa bokosi tikuimba, ndipo mtsuko wa madzi osamba adzukulu timatunga pa mjigo pomwepo, kudzanja lamanzere, ife n'kupita kumanja. Mutembenuze laputopuyi mpaka mawa, kumanzere sikusanduka kumanja. Chithunzichi chavala chitenje chakunja m'kati."

Munthu akhoza kusokoneza munda wa mwini, koma njira ya kumanda kwawo saisokoneza. Miyezi yonseyi tinkalemba minda ya ku Mpingu ndi ku Nambuma, kumene palibe mmodzi wa olemba aja ankadziwa njira zake, ine ndikudziwako maofesi okha, ndipo munda ukauona kuchokera m'mwamba ulibe mutu kapena miyendo. Ndinatuluka, ndinapita pa sitolo ya Che Yusufu, ndinajambula ndi foni chikwangwani cha sitolo yawo. Iwo anandifunsa ngati ndayamba ntchito ya msonkho. Ndinabwerera, ndinatumiza chithunzicho ku seva, ndinachitsegula mu pulogalamu kuchokera pampando wa Mayi Nambewe. Chikwangwani chinatuluka chozondoka, malembo miyendo m'mwamba, ngati ukuwaona m'madzi.

Pamenepo zonse zinamveka. Njira imene ndinasankha ija, yojambula popanda khadi, inkawerenga mizere ya chithunzi kuyambira pansi, pamene pulogalamu inkawerenga malo odinidwa kuyambira pamwamba. Zinali ngati mapepala awiri osanjikiza: la pansi, la chithunzi, linkafika kwa ife litazondoka, la pamwamba, la mizere yathu, linali lolunjika. Munthu akazunguliza chimanga chimene akuchiona kumtunda kwa sikirini, mzere wake unkaoneka pomwepo bwinobwino, koma mu seva unkagwera pa chinthu china, chifukwa chimanga chenichenicho chinali kumunsi. Miyezi itatu anthu anayi ankaphunzitsa makina zoona, ine n'kumazisandutsa zabodza panjira. Panali kamzere kamodzi kokha ka malamulo kamene ndinayenera kuwonjezera tsiku lija, ndipo sindinakawonjezere.

Ndinakhala pansi. "Mayi, si inu. Ndine."

Iwo anandifunsa kuti, "Ndiye mukawauza?"

Nsaru, sabata ya alendo

Ndinaimbira a Kachingwe masana omwewo. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula, zimene sizinkachitika. Kenaka anati ndisauze munthu, abwera okha. Anafika Lolemba, kutatsala tsiku limodzi kuti alendo a bungwe lothandiza pulojekiti adzatiyendere, ndipo ananditengera m'galimoto mwawo, mawindo otseka.

"A Mwale, mwachita bwino kupeza vutoli. Kodi ntchito ya miyezi itatu ija yatayika?"

"Ayi. Mizere yonse ilipo. Tikaizondotsa mu seva igwera m'malo mwake. Ndi ntchito ya ola limodzi."

"Basi, ndiye palibe nkhani. Konzani mwakachetechete. Tidzanena kuti talemba anthu atsopano ndipo zinthu zasintha." Anatulutsa pepala m'chikwama. Linali lipoti limene anali atatumiza kale kwa alendo aja, lonena kuti ntchito inachedwa chifukwa cha olemba a pa Nsaru. Kumapeto kwake anali atawonjezera tsopano ndime yonena kuti makina anayesedwa ndipo analibe vuto, ndi malo oti ine ndisaine.

"Nanga Mayi Nambewe?"

"Kalata inapita kale. Ine sindingabweze mawu anga pamaso pa alendo, ndioneka ngati sindidziwa chimene ndikuchita. Komanso taganizani, a Mwale. Wolakwa ndinu. Mwatsala ndi miyezi yowerengeka kuti mupume ndi ulemu, tikuchitireni phwando, tikupatseni satifiketi. Mukufuna mutuluke ndi dzina loti nkhalamba inawononga pulojekiti? Ine ndikukutetezani. Mayi uja abwerera ku fodya, anazolowera."

Mawu omalizawo ndi amene anandipsetsa mtima. Anazolowera! Ngati kuti manyazi amazolowereka. Koma ndisakunamizeni kuti ndinawakalipira pomwepo. Ndinatenga pepalalo, ndinati ndiliwerenge kaye. Ndinali ndi mantha, ana anga. Zaka zonse ndinkadziwika kuti a Mwale akagwira makina amadzuka, ndipo dzina limenelo ndinkalikonda kuposa mmene ndinkadziwira. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba pepala lili m'thumba la malaya. Mayi anu anali kusenda mtedza pakhonde. Ndinawafotokozera zonse, iwo osasiya kusenda. Nditamaliza anangofunsa kuti, "Ndiye mukasaina, pamsika mukakumana ndi mayiyo muziyang'ana kuti?"

Lachiwiri alendo anafika atatu, amuna awiri ndi mayi mmodzi amene ankaoneka kuti ndiye wamkulu. Tinaika mipando mu ofesi, laputopu imodzi tinailumikiza ku sikirini yaikulu. Olemba aja anakhala kumbuyo, Mayi Nambewe atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. A Kachingwe analankhula bwino, monga mwa masiku onse, za mavuto ogwira ntchito ndi anthu akumudzi, za kufunika koleza mtima. Kenaka anati a Mwale atsimikizira kuti makina ali bwino, ndipo anandiyang'ana akumwetulira.

Ndinaimirira.

"Makina sanali bwino. Anthu awa sanalakwe. Ndinalakwitsa ndine, ndipo ndikuonetsani."

"A Mwale, zimenezo tikambirana patokha," anatero a Kachingwe.

"Tinakambirana kale patokha, bwana, m'galimoto. Kalata ya mayi awa sinalembedwe patokha, msika wonse ukuidziwa. Ndiye izinso zimveke poyera."

Ndinatsegula chikwangwani cha Che Yusufu, chozondoka chija. Mlendo mmodzi anaseka, kenaka anasiya. Ndinafotokoza za mapepala awiri osanjikiza. Ndinatsegula chithunzi cha ku Nambuma monga mmene chimaonekera ku tawuni, mizere ya Mayi Nambewe ili mbwee pamisewu ndi pa madenga, ndipo ndinati izi ndi zimene bwana ankaona, ndipo aliyense woona izi akanakwiya. Kenaka ndinalamula seva kuti izondotse mizereyo. Netiweki ya pa Nsaru mukuidziwa, inatenga nthawi yake, kabwalo kakuzungulira pa sikirini. Chithunzi chitabwera, mzere uliwonse unakhala pa munda wake ngati chivundikiro pa poto. Pamene munda unapindika pozemba chulu, mzere nawo unapindika. Pamene mlimi anadzala mizere itatu ya nyemba m'mphepete mwa chimanga, mizere itatuyo inali italembedwa payokha. Ndinatsegula china, ndi china, ndi china. Sindinasankhe, ndinauza mlendo wamkulu uja kuti atchule nambala iliyonse imene akufuna.

Mlendoyo anafunsa kuti anapeza vutoli ndani. Ndinaloza kumbuyo. "Awo. Ine ndi masukulu anga ndinaliyang'ana miyezi itatu osaliona. Iwo analiona tsiku loyamba limene anapatsidwa dziko limene amalidziwa." Anawapempha kuti afotokoze, ndipo Mayi Nambewe anaimirira, anapita kutsogolo, anaika chala pa mjigo wa kwawo. Analankhula Chichewa chokhachokha, mosafulumira, wina akumasulira. A Kachingwe ankayang'ana nsapato zawo.

Alendo asanakwere galimoto, kalata ija inali itabwezedwa. Pepala la a Kachingwe ndinali nalobe m'thumba, ndipo iwo sanalifunsenso.

Pambuyo pake

Musaganize kuti ndinalandira mendulo. Sabata yotsatira ananditsekera khomo la seva, akuti pofuna chitetezo. Anatumiza katswiri wina wa ku tawuni kuti adzawonjezere kamzere kaja, kamene ndinali nditamulembera kale papepala. Ine anandipatsa ntchito yopukuta malaputopu ndi kupinda nthambo, ndipo kontrakiti yanga itatha sanaiwonjezere. Phwando kunalibe, satifiketi kunalibe. Mu lipoti lomaliza analemba kuti ntchito inachedwa chifukwa cha kulakwitsa kwa wokonza makina wa pa Nsaru, ndipo zimenezo ndi zoona, sindizitsutsa. Chimene sanalembe n'chakuti wokonza makinayo anapatsidwa mpata wobisala kumbuyo kwa mayi wamasiye ndipo anakana. Anzanga ena anandiuza kuti ndinapusa, ndikanangosaina, ndani akanadziwa? Ndinawayankha kuti akanadziwa anthu anayi, ndipo mmodzi wa iwo ndimagona naye chipinda chimodzi, wina ndimamumeta ndevu m'mawa uliwonse.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si phwando lija. Ndi masabata awiri athunthu amene mayi uja anayenda pamsika ndi dzina la ulesi, pamene ine ndikanakwera minibasi kalekale n'kukaona sikirini ya ku tawuni. A Chikuse akanakhala moyo akanandikoka khutu. Pampando ndinakhalapo, inde, koma ndinakhalapo kuti nditsimikize kuti ndine wolondola, osati kuti ndione. Tsiku langa lomaliza ndinawauza Mayi Nambewe zimenezi. Iwo anati, "Zinapita, bambo. Koma mukanasaina, ndikanakutembererani mpaka kumanda." Tinaseka tonse, koma ndikudziwa kuti sankacheza.

Mayi Nambewe anagwira ntchito mpaka pulojekiti inatha, ndipo ndi iwo amene ankaphunzitsa olemba atsopano. Ndinamva kuti munthu aliyense asanayambe ntchito, ankamupatsa chithunzi cha mudzi wakwawo n'kumuuza kuti ayende ndi chala kuchoka pakhomo pake kukafika kumanda.

Chaka chatha, nthawi yokolola, mayi owabereka Mayi Nambewe anamwalira, ndipo ine ndi mayi anu tinapita ku Kabudula. Kanali koyamba kuti ndiponde mudzi umenewo, koma ndinkaudziwa wonse, chulu chilichonse, denga lililonse. Mwambo wa pakhomo utatha, adzukulu ananyamula bokosi, amuna tinatsatira, amayi akuimba pambuyo pathu. Tinadutsa minda ya chimanga chouma, tinadutsa mtengo wa mango umene pa sikirini unkaoneka ngati kadontho. Kutsogolo ndinaona mjigo, ndi mayi wina akudzaza mtsuko. Mtima unagunda ngati sindikudziwa chimene chichitike. Tinafika pa mjigo paja, ndipo gulu lonse, popanda wolamula, linakhotera kumanja.

Pepala la a Kachingwe lili mu sutikesi yakuda, pansi pa jekete langa la ukwati. Ndikadzapita musadzalitaye. Mudzalitsegule tsamba lomaliza, pamene palembedwa dzina langa, ndipo mudzaone kuti pamzere wosainira mpoyera.